Dzenje la Pakhonde la ba Whyson

Lolemba, 7 Okutobala

Malaiti abwera masana, zachilendo. Ine thamangu pa laputopu. Chithunzi changa chija chatheka: mizere yozungulira, chikasu ndi buluu, ukachiyang'ana chimakhala ngati chikutembenuka pomwe chili phee. Pulogalamu ndiyo imayeza ngodya, ine yanga n'kunamiza maso a anthu. Ndawaonetsa atate. "Eee, chikuzunguliradi," atero. Koma nkhope analozetsa pambali pa sikirini. Munthu amene analemba zikwangwani za theka la komboni yathu ya Kanyama! Maso awowa akundiopsa.

Lachinayi, 10 Okutobala

Zakukiliniki atate akana. Ati ndi fumbi chabe, mvula ikagwa maso ayera. M'mawa tiyi athira patebulo, kapu ili apo. Ndapukuta. Matenda a shuga ali nawowa ndi omwenso anatitengera amayi. Atate ndawakalipira, kenako ndakalirira kubafa ngati chitsiru.

Loweruka, 19 Okutobala

Ntchito! Ba Whyson a kubabashopu akufuna ndiwajambulire dzenje labodza pakhonde pawo, loti anthu azijambulitsapo pa foni. "Iwe mwana wa ba Fred, nifuna bantu baziyopa kungena, koma bazingena." Munthu uja ndi wamisala ndithu.

Pa sikirini ndatambasula timabokosi, takutali totalika, tapafupi tofupika. Ukaima kumsewu, simenti ya pakhonde izioneka ngati yabooka. Kwatsala kusamutsira pansi ndi choko ndi chingwe. Maburashi ndatenga a atate. Kale ukangokhudza imodzi, nyumba yonse imadziwa. Lero ndatulutsa thumba lonse iwo ali pakhomo pomwepo, sanafunse n'komwe.

Loweruka, 26 Okutobala

Latha. Msana wanga, mayo! Mawondo penti yokhayokha. Mayi wogulitsa vitumbuwa wakuwa "Yesu!" n'kulumphira m'ngalande. Ana akuyenda chammbali, atagwirana malaya. Ba Whyson mano onse pamtunda.

Atate ati abwera mawa tikaweruka kutchalitchi. Chinthu chachikulu chonchi, chakuda bii, sangachiphonye. Akangodzidzimuka pang'ono, ndidziwa kuti maso akadalipo. Mulungu wanga, adzidzimuke.

Lamlungu, 27 Okutobala

Abwera, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Ndinawafikitsa kumsewu, pamalo penipeni poonera, anthu n'kupatuka. Sindinawauze kanthu.

Sanaime. Anangoyenda bwinobwino, kuponda m'mphepete muja momwe aliyense amabwerera, mpaka pakati pa dzenje. Ana anayamba kuseka, ba Whyson n'kuwaletsa ndi dzanja. Atate chiimire pamenepo, nsapato zawo pa penti yanga, akumwetulira khoma.

"Nanga chili kuti chojambula chako, mwanangu? Tandionetsa."

Ndinapita kukawagwira mkono. Ndinati chili mkati, ba Whyson akiya, tidzabwera tsiku lina. Iwo anandisisita dzanja n'kuti palibe kanthu, adzachiona mvula ikagwa.