Kuwomba Kamodzi

Lolemba, 10 Juni 2024

Vailet Miti amuchotsa pa sukulu ya ku Chiparamba kumene amayeserera uphunzitsi. Kalata ya ahedi yafika kuno ku koleji m'mawa. Mlandu wake: anawerenga mamakisi a giredi 5 mokweza, kuyambira wapamwamba kutsika mmunsi. Wotsiriza anamuimiritsa kutsogolo, kalasi yonse n'kumuwombera m'manja kamodzi kokha. Phwa! Wotsirizayo ndi Elesi, wa zaka khumi ndi chimodzi. Anadzikodzera pomwepo. Sabata ziwiri tsopano osaponda ku sukulu.

Komiti ikumana Lachisanu. Inenso ndilimo, poti ndine ndinamuphunzitsa saikoloji. Akamupeza wolakwa, satifiketi palibe. Zaka zitatu zapita pachabe.

Kuwomba kamodziko n'kwanga. M'kalatamo dzina langa mulibe.

Lachiwiri, 11 Juni

Kuzizira. A chaka choyamba lero mutu wawo ngati wochita kusankha: munthu amaphunzira poonera ena. Magawo anayi pa bolodi. Kuyang'anitsitsa, kusunga m'mutu, kuyesa kuchita, ndi chomulimbikitsa. Ndawauzanso za ana a mu kafukufuku wina wotchuka, amene ataona wamkulu akumenya chidole nawonso anachimenya, ena mpaka kubwereza mawu ake. Alemba mwakachetechete. Choko chandithyokera kawiri.

Tione mfundo zokha. Vailet anakhala m'kalasi mwanga zaka ziwiri. Kuwombako anakuona mwina kakhumi. Anaonanso mkulu wa koleji akundiyamika pamaso pa onse chifukwa kalasi yanga inakhoza bwino. Buku limati ukaona mnzako akutamandidwa pa chinthu, nawe umachilakalaka. Pa magawo anayi aja palibe lomwe lasowa.

Komabe anga ndi akuluakulu, amaseka. Iye anachitira ana. Kusiyana kulipo. Ndalemba chiganizo chimenechi kuti ndichikhulupirire.

Lachitatu, 12 Juni

Ndamuuza Sesiliya. Ndimayembekezera kuti mkazi wanga anditeteza. Anangoti, "A Sakala, make mbuu mwana mbuu. Nanga inuyo munakutola kuti? Si kwa atate anu?"

Zoona. Atate akuphunzitsa pa sukulu ya mishoni, rula m'khwapa, mndandanda m'manja. Ine ndinali woyamba nthawi zonse, ndiye ndinkangowomba nawo. Amene ankaimirira kutsogolo sindikumbuka nkhope ya mmodzi yemwe.

Lachinayi, 13 Juni

Ndapita ku Chiparamba pa njinga yamoto. Fumbi mpaka m'mano. Elesi ndamupeza pa mphasa akusenda mtedza ndi amake. Atamva kuti ndine mphunzitsi anadzuka n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Amake aulemu kwambiri, anandiyalira chitenje pa mpando. Akuti anzake a Elesi akakumana naye ku chitsime amawomba kamodzi n'kuthawa. Ana makumi asanu aphunzira tsiku limodzi. Palibe phunziro langa lina lomwe linafalikira chotero.

Vailet akadali m'kanyumba ka lendi pafupi ndi sukulu, katundu ali m'chikwama kale. Sanandidandaulire. Anati, "Aphunzitsi, paja chaka choyamba munandiwombera ine. Ndinalira ku hositelo sabata yonse, kenako ndinayamba kukhoza. Ndimayesa nayenso akhoza."

Ndinali nditaiwala. Kuiwaliratu.

Potsanzikana anati, "Musade nkhawa, mawa dzina lanu sinditchula." Ndinayankha kuti zikomo. Zikomo! Mawu amenewa andiwawa njira yonse mpaka kunyumba ku Kapata.

Lachisanu, 14 Juni, m'mawa

Ndafukula kaundula wa 2022. Miti V., mamakisi 31. Pambali pake kachizindikiro kanga ka inki yofiira, kosonyeza woti aimirire. Ndawerenga tizizindikiro tonse m'makaundula a zaka zisanu ndi zinayi. Ndinalekera pa makumi anayi.

Mwezi wamawa mkulu wa koleji yemwe uja asankha wotsogolera dipatimenti. Aliyense akuti ndi ine. Ndikakhala chete lero palibe adzadziwe, ndipo Vailet asunga lonjezo lake. Kumeneko ndiye kukundiopsa: akhala akundiyang'ana, ndipo aphunziranso chimenecho.

Kaundula ali m'chikwama. Sesiliya wandisitira malaya oyera.

Komiti ndi teni awazi. Palibe andifunse, ndiyenera kukweza dzanja ndekha. Akamaliza kuwerenga kalata ya ahedi, ndiimirira kutsogolo.

Kaya awomba kangati.