Za mwana amene anakulira ku kampu

Okondedwa achemwali,

Landirani moni pamodzi ndi alamu. Ine ndili bwino, kungoti tulo sitikubwera.

Tchuthi chino a mpingo ananditenga kukayang'anira atsikana ku kampu ya ana ku dera la Karen, m'dziko la eni muno. Lachitatu m'mawa Chikondi, mwana wa Amalawi anzathu wobadwira konkuno, anakana kutuluka mu tenti. Ndinamupeza akulira atadzikulunga m'bulangeti.

"Anti, ndikufa ine. Musawauze amayi."

Anali atatha msinkhu, koma panalibe amene anamuuzapo kanthu. Achemwali, ndinasowa chochita. Kwathu amalangiza ndi azakhali kapena anamkungwi, nanga ine ndine yani? Koma azakhali akewo ali ku Dedza. Ndinang'amba chitenje changa, n'kumuuza zonse zimene inu munandiuza ine. Za kusathira mchere ndinangozisiya, poti kuno amaphika ndi akhukhi. Pofika masana anali akuseka ndi anzake. Kaya ndinalakwa, mayi ake sindinaonane nawobe.

Chikundisowetsa mtendere ndi ichi: Chikondiyo ndi mwana wanga Esinati, amene mukundisungira kwathuko, anabadwa chaka chimodzi. Chonde musadikire kuti ndibwere. Tsiku limene mulandire kalatayi mukhale naye pansi, asadzalire yekha m'bulangeti.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Felesiya