Nati Imene Munamanga Komaliza

Adada, kodi mukukhala bwanji kumene muliko?

Ndine Lusungu. Kuno ku Vinthukutu tilipo. Mpunga tinakolola, ngakhale madzi anakokolola mbali yakumunsi ija munkatiletsa kubzala. Mkazi wa mlongo wanga Wongani anachira bwino. Ndi mwana wamwamuna, ndipo tamupatsa dzina lanu. Zala zake ndi zazitali ngati zanu, moti amama akamunyamula amangozisisita. Amamawo kuthamanga kwa magazi kukuwavutabe, mwezi uliwonse ndimapita nawo kuchipatala ku boma.

Galaja sindinatseke. Ena anasiya kubwera, akuti mkazi sangagwire injini, koma a maminibasi a ku Ngara akubwerabe.

Chimene ndakulemberani ndi galimoto yanu yoyera ija. Inayamba kulira kutsogolo kumanzere, ko-ko-ko, makamaka pokhota. Tsiku lina tikuchokera kuchipatala inalira kwambiri mpaka amama anagwira chitseko ndi manja onse. Ndinadziwa kuti siivii, cholumikizira ekiselo ndi tayala chija, yatha, ndipo sindikanawakwezanso momwemo. Koma kuti munthu aisinthe, mukudziwa, ayambe wachotsa chinati chachikulu chija chapakati pa tayala, chogwira ekiselo.

Nditachotsa kachivindikiro ndinaona kadontho ka penti yoyera pa natiyo, chizindikiro chanu. Pamenepo ndinakumbukira kuti imeneyi ndi ntchito yomaliza imene munagwira musanagonekedwe m'chipatala. Munkatsokomola tsiku limenelo, kumanga pang'ono, kukhala pa tayala, kudzukanso. Nditati ndikuthandizeni munandikaniza, munati, "Mumakwera amayi ako umu, ndimange ndekha."

Latcheti, sipanala yopukusa mwachangu ija, sindinaigwire n'komwe. Paja munkati, "Latcheti ndi yothamangitsira nati yofewa, si yolimbana nayo." Ndinawongola ndi chizulo mlomo wa nati pamene munapinda, n'kutsitsa galimoto kuti tayala ligunde pansi. Wongani anakhala m'kati ataponda buleki. Ndinatenga soketi yonyezimira ija yovekera pa nati ndi chitsulo chachitali chomasulira, n'kuvekanso paipi kumapeto. Ndinakanikiza mpaka maso kuchita mdima. Nati osasuntha. Kenako soketi inang'ambika pakati, ine n'kugwera m'fumbi.

Wongani anatuluka akupukusa mutu. "Adumbu, mlongo wanga, tingoidula ndi gulayinda imeneyi. Tsiku la amama lakuchipatala layandikira, muwanyamula pa njinga?"

Ndinamuuza kuti gulayinda ikhoza kuwononga habu, pomangira tayala paja. Zinali zoona, koma sichinali chifukwa chenicheni. Sindikanatha kudula chinthu chimene dzanja lanu linamanga.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita ku boma, kwa Che Saidi, mkulu wa ku Mangochi uja wogulitsa zitsulo za galimoto. Ananditulutsira mfuti ya batire yomasulira manati, akuti imeneyi imangoti prrr, basi yatheka. Ndinaigwira, n'kuibweza. Ndinawapempha soketi yakuda, yokhuthala, ya makona sikisi kuti igwire nati mbali zonse, ndi chitsulo chomasulira chamutu waukulu chosapindika.

Iwo anaseka. "Kasankhidwe ka bambo ako ndithu. Bwanji amisiri sakuoneka masiku ano? Atiiwala?"

Adada, uthenga wa imfa yanu unali usanawafike. Ndinawauza nditaima pomwepo, anthu ena akudikira kumbuyo kwanga. Che Saidi anakhala pa katoni. Kenako anakulunga zitsulozo m'nyuzipepala pang'onopang'ono, n'kundiperekeza mpaka pa depoti, shopu ataisiya chotsegula.

Nditafika kunyumba sindinadye. Wongani anapondanso buleki. Soketi yakuda inalowa bwino, osagwedera. Ndinaveka paipi, ndinagwira denga la galimoto, n'kuimirira pa paipipo ndi thupi langa lonse. Poyamba panalibe kanthu. Kenako nati inalira kamodzi, gwa! n'kutembenuka. Wongani anakuwa mokondwa. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi tayala n'kuyamba kulira kuposa mmene ndinalirira pa maliro anu. Wongani anazunguzika, anangobwera kudzakhala pambali panga, tonse mafuta okhaokha.

Siivii yatsopano ndinaika madzulo omwewo, ndi nati yatsopanonso. Pomanga paipi ndinaiika kutali. Ndinatsegula bokosi lanu lofiira n'kutenga sipanala yoyeza mphamvu ija simunkalola munthu kubwereka. Ndinaitchera pa muyeso wake, n'kumakoka pang'onopang'ono. Mawu anu ndinkawamva m'khutu: "Ikangoti ta, siya. Ukapitiriza wapha beringi." Inati ta. Ndinasiya, n'kupinda mlomo wa nati. Galimoto ikuyenda zii tsopano, ndipo amama anafika kuchipatala pa tsiku lawo.

Koma ndikuuzeni za nati yakale. Ndikusonkhanitsa zitsulo, amama anatuluka m'nyumba, anafunsa kuti ili kuti. Ndinawalozera m'beseni la zotaya. Anawerama okha n'kuitola, anaitsuka ndi palafini, n'kuimanga pa nsonga ya chitenje. Wongani anati, "Amama, chitsulo cholemera chotero chikung'ambirani nsalu." Iwo anangoti, "Leka, mwana wanga. Apa ndi pamene anagwira."

Mpaka lero amayenda nayo, kutchalitchi, kudimba, kulikonse.

Takusowani, adada. Ndikulonjeza kuti zitsulo zanu sizichita dzimbiri ine ndili moyo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lusungu