Amalume Andisankhira Galimoto ya Mipando Isanu ndi Iwiri

Aphungu,

Ndisaname, zinthu zikundiyendera. Ndine mtsikana wa ku Kanyama, ndinamaliza maphunziro a unamwino ndipo ndinapeza ntchito pakachipatala kena ku Chilenje. Mwezi wathawu ndatenganso laisensi yoyendetsera galimoto. Amayi anavina pakhomo mpaka chitenje kumasuka.

Chatsala ndi galimoto. Ndatopa ndi kukwera minibasi ziwiri m'mawa uliwonse, ndipo kondakitala akati sitinyamuka isanadzaze, ndiye kuti ndachedwa basi. Otiyang'anira kuntchito andichenjeza kale, chonsecho ndidakali watsopano. Ntchitoyi sindikufuna kuitaya.

Ndinapeza kagalimoto kakang'ono kakale kwa mayi wina wa ku Kalingalinga. Penti inayamba kusuluka, koma sikamwa mafuta ambiri, ndipo mtima wanga unakhazikika pomwepo.

Vuto ndi amalume anga, ba Chewe, amene anandilera bambo atamwalira. Iwo andipezera ina kwa mnzawo, yaikulu, ya mipando isanu ndi iwiri, pamtengo wosasiyana kwenikweni. Nditawaonetsa chithunzi cha kanga kaja anaseka nati, "Iwe mwana, aka ni kamotoka olo ni wilibala? Ise tonse tizankhala pati? Motoka yoyamba pa banja siinkhala ya muntu umozi."

Aphungu, galimotoyo sindinagule, koma anthu agawana kale mipando! Azakhali, ba Maud, akuti ndiziwaperekeza kukaoda kapenta ndi tomato. Amalume auza a kwaya kutchalitchi kuti za mayendedwe zatha. Mwana wawo wamkulu, Ricky, amene ali ndi laisensi koma alibe ntchito, wandiuza kale kuti, "Ukankhala ku nchito, kiyi uzisiya na ine, sisi."

Anthuwa ndimawakonda, ndipo kunyadira kwawo kumandisangalatsa. Sindikufuna kuoneka wosayamika. Ndigule iti?

N.K., Kanyama

Mwana wanga N.K.,

Ndakunyadirani nanenso. Unamwino m'manja, laisensi m'thumba, mwagwira ntchito.

Tsono tcherani khutu ku funso limodzi ili, inu: galimotoyi mukuigulira chiyani? Mwayankha nokha, kuti muzifika kuntchito nthawi yabwino. Ndiye gulani kakang'onoko. Amalume anu sakukufunirani zoipa, angosangalala mopitirira, ndipo chimwemwe chawo akuchiyeza ndi mipando. Koma m'komboni mpando wopanda munthu sukhalitsa. Lero kwaya, mawa nkhuni za kumaliro, mkuja mkwatibwi. Okwera adzakhala ambiri, koma wogula mafuta ndi matayala mudzakhala inu nokha.

Ngakhale kakang'onoko musakagule ndi maso okha. Pitani ndi makanika wodzisankhira nokha, osati mnzake wa wogulitsa kapena wa amalume. Mukafike m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa injini yotentha kale imabisa matenda. Aone utsi, alowe pansi, ayendetse pamsewu wa mabampu. Inu muone buku la galimotoyo, lija amati waitibuku. Manambala ake agwirizane ndi a pagalimoto, dzina ligwirizane ndi chitupa cha mayiyo. Zikasiyana, tsanzikani mwaulemu.

Musaiwalenso kuti kwanu ndi ku Kanyama. Galimoto yooneka bwino m'chilimwe ikhoza kumira pakhomo penipeni mvula ikayamba. Yang'anani kutalika kwake kuchokera pansi, ndipo funsani anansi amene ali ndi tigalimoto totere njira imene amadutsa m'dzinja. Dziwiranitu kumene izigona usiku, poti si kanjira kalikonse kofika pakhomo kamene galimoto ingalowe.

Za amalume, musawauze pafoni. Pitani ndi amayi anu, mukhale pansi monga mwa ulemu wanu, muwathokoze amalumewo. Auzeni kuti dzanja lanu lidakali lanthete, galimoto yaikulu siyoyambira, ndipo mafuta ake malipiro anu sangakwanitse. Zonsezi ndi zoona, simukunama. Tsiku logula, woyamba kukwera akhale iwo, kutsogolo, mawindo otsitsa, muzungulire nawo komboni yonse. Mudzaona, za wilibala sadzazitchulanso.

Walira mvula walira matope, opempha adzabwerabe. Choncho nenani nokha zimene mudzachite asanakupempheni: Lamlungu kutchalitchi, wodwala kuchipatala. Izo chitani ndi mtima wonse, si umbombo umene ndikukuphunzitsani.

Koma chenjezo langa ndi kiyi. Kaya mugula yaing'ono, kaya mugonja n'kugula yaikulu, kiyi asagone m'thumba la Ricky ngakhale tsiku limodzi. Mukangoyamba, m'mawa wina mudzaima pamsewu mutavala yunifolomu, mudzaimika galimoto yanu yomwe, ndipo Ricky adzatulutsa mutu pawindo n'kukuuzani kuti yadzaza.

Aphungu