Chinangwa Chinatchinga Chithunzi cha Benedicta

Agogo,

Ndabwera ndi chimwemwe, koma chili ndi kafunso kumapeto.

Ine ndinathawa nkhondo ku Mozambique n'kudzakhala kuno ku Katuli. Mdzukulu wanga Benedicta, mtsikana wongosinkhuka kumene, anatupa m'mimba, anthu n'kuyamba kunong'onezana kuti ndi pathupi. Kuchipatala cha pa boma anatitumiza ku Blantyre kuti akamuunike ndi makina oonera m'kati, n'kutiuza kuti tsikulo asadye.

Tsono pali amayi Zena, Msilamu wa kuno, amene anatilandira tilibe ndi mphika womwe. Iwo anati, "A Davide, zosadyazo n'za anthu a m'tauni oyenda pafupi. Mwana wa pakhomo panga sayenda ulendo ndi njala." Anamanga chinangwa, nyemba ndi usipa. Pachipata penipeni pa chipatala, mwana anadya mpaka kuusa moyo.

Adokotala anamupaka mafuta ozizira pamimba, n'kumayendetsapo kachida, maso ali pagalasi. Anati, "Chotupa chili pa kapamba, n'chosowa mwa ana. Kuchiwindi sichinafike. Koma madala, mwamudyetsa chiyani? Mpweya watchinga, kuseriko sindikuona." Ine ndinatchula zonse monyadira, usipa womwe. Iwo kuseka mpaka kugwira tebulo, akuti tidzabwerenso, n'kutipatsa tsiku.

Agogo, kumudzi tinavina! Si pathupi, chiwindi chili bwino, nkhondonso yatha. Anzathu akukwera malole kubwerera kwathu mvula isanagwe, ndipo akazi anga amanga kale katundu. Kodi chithunzi chimodzi chija cha kuchipatala sichikwana kuti nafenso tinyamuke?

D.M., Katuli, Mangochi

A D.M.,

Vinani ndithu, nanenso ndavina pampando pano. Chotupa choterechi mwa atsikana nthawi zambiri chimachotseka, mwana n'kukula bwinobwino. Koma ayi, chithunzicho sichikwana.

Kuseri kwa kapamba kumadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi. Adokotala ayenera kuona ngati chotupa chaigwira kapena ayi, ndipo pokhapo adzadziwa pocheka. Chimene anaona kuseriko ndi nyemba za amayi Zena.

Bwererani pa tsiku limene anakupatsani. Funsani anamwino nthawi yoleka kudya, ndipo ikakwana, ngakhale kachidutswa ka chinangwa ayi. Amayi Zena musawakalipire. Atengeni paulendowo, muwauze kuti kumeneku n'kusala ngati kwa Ramadani, kwa m'mawa umodzi wokha. Iwo kusala akukudziwa kuposa inu ndi ine, adzakhala mlonda woopsa. Phukusi lawo anyamule, limasulidwe mwana akatuluka m'chipindamo.

Akazi anu muwauze kuti minda ikayang'aniridwe ndi achibale amene atsogola. Zipatala zambiri kwanuko nkhondo inazigwetsa.

Chenjerani: wina asatemere mphini pachotupacho, ndipo musawoloke malire adokotala asanakumasuleni. Mozambique wakudikirani zaka zonsezi, chaka chino chokha sathawa. Mudzalowe kwanu Benedicta ali patsogolo, akuyenda ndi miyendo yake.

Agogo