Kodi mlongo wanga anadula vidiyo ya ukwati?

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chinakanaka kuno ku Mulanje. Mtima wanga wayamba kukhala pansi tsopano, koma patsala kanthu kamodzi kamene kadanitsa amuna anga ndi mlongo wanga.

Chaka chatha mlamu wanga Janeti, mlongo wa amuna anga, anamanga ukwati woyera. Bambo awo, apongozi anga, amene anakalambira m'minda ya tiyi, analankhula mawu okoma kwambiri tsiku limenelo, pena Chichewa pena Chilomwe. Ng'oma zitalira anataya ndodo yawo n'kulowa m'bwalo kuvina tchopa, ife nthungululu zili pakamwa. Mvula isanayambe, apongoziwo anatisiya.

Wojambula vidiyo anali wa ku Limbe. Anachedwa nayo kwambiri, ndipo atabwera anatipatsa fulashi m'malo mwa chimbale. Anati muli fayilo imodzi yokha imene ndi chimbale chonse chathunthu, chongofunika kubena. "Ndi ya 4.6 GB," anatero. "Mukagule DVD ya 4.7, ikwana."

Mlongo wanga Elson ali ndi kashopu kobenera nyimbo pamsika. Amuna anga, a Harold, anapita nayo okha fulashiyo n'kuima kumbuyo kwake pamene ankabena. Atamaliza, kompyuta inaonetsa 4.28 GB. Anamufunsa kuti, "Alamu, zinazo zapita kuti?" Elson anayankha kuti, "Ine sindikudziwa alamu, koma sindinakhudze kalikonse."

Titaonera kunyumba, mawu a apongozi analimo onse, koma gule uja munalibe. Vidiyo inangolumpha kuchoka pa perekaniperekani n'kufika pamene akwati akukwera galimoto. Amuna anga anangodzuka n'kutuluka panja. M'mawa mwake anakayankhula pamsika, anthu akumva, kuti Elson amadula mavidiyo a eni ake. Anatinso amagulitsa zimbale zabodza, chifukwa chimbale chopanda kanthu chinkaonetsa 4.38 pomwe pachikuto palembedwa 4.7. Kwaya ina imene inkafuna kubenetsa nyimbo zake kwa iye inapita kwina.

Koma Mulungu sagona. Mwezi watha Esteri, mnzake wa Janeti wa ku Mulanje Mission, anatiuza kuti anajambula gule uja pa foni yake. Chithunzi n'chogwedezeka, koma apongozi akuoneka bwinobwino, fumbi lili koboo. Amuna anga anaonera mobwerezabwereza, misozi ili mbwembwembwe. Wojambula uja titamuimbira anavomera kuti batire linamuthera nthawi imeneyo, ndipo anachita manyazi kutiuza. Panyumba pano tayambanso kuseka.

Chatsala n'chakuti amuna anga akuti, "Ngati si gule, ndiye kuti chilipo china chimene chinachotsedwa. Manambala sanama." Elson sanapondenso pakhomo pathu, ana akumusowa malume awo, ndipo nayenso wayamba kukayikira kompyuta yake. Kodi Aphungu, chinasowacho n'chiyani?

J.M., Chinakanaka, Mulanje.

Mayi J.M.,

Mtima ukhale m'malo, palibe chimene chinasowa. Mlongo wanu sanadule kanthu, kompyuta yake ili bwino, ndipo zimbale zake si zabodza.

Tengani thumba limodzi la chimanga. Wina aliyeze ndi ndowa yaing'ono, wina ndi yokulirapo. Wa ndowa yaikulu awerenga ndowa zochepa, koma chimanga n'chomwecho. Zinachitika pamaso pa amuna anu n'zimenezi. Opanga zimbale amati GB imodzi ndi mabayiti biliyoni imodzi ndendende. Makompyuta ngati ya Elson ndowa yawo ndi yokulirapo, GB imodzi amaiwerenga mabayiti 1,073,741,824. N'chifukwa chake DVD yolembedwa 4.7 imaonetsa 4.38, kaya mwaigula ku Chinakanaka kaya ku Joni. Nayo 4.6 ya wojambula uja mukaiyeza ndi ndowa ya Elson imatuluka 4.28. Makina a wojambulayo anangowerenga ngati mmene amawerengera opanga zimbale. Amuna anu akunena zoona kuti manambala sanama. Kungoti apa manambala awiri akunena chinthu chimodzi.

Dziwaninso kuti fayilo yamtundu umenewo imabenedwa yonse mmene ilili, ngati thumba losoka kale. Ikapanda kukwana, pulogalamu imakana poyambirira pomwe. Siisolola gule pakati n'kusokanso mwakachetechete.

Musalimbane nawo ndi pakamwa a Harold, asiyeni aone ndi maso awo. Atenge fulashi ija pamodzi ndi chimbale apite kushopu. Elson atsegule vidiyo ya m'fulashi ndi ya pachimbale, ayerekeze kutalika kwa nthawi yake, ndipo aone ngati zonse zikulumpha pamalo amodzimodzi. Kenako ayang'ane kukula kwake mu mabayiti, nambala yaitali ija, osati yaifupi ya GB. Zikasiyana pang'ono chabe asadzidzimuke, nthawi zina kompyuta imawerenga mafayilo a vidiyo okha n'kusiya kakalozera ka chimbale. Ndipo Elson azichonga kabokosi kolembedwa Verify nthawi zonse akamabena. Pulogalamu imayerekeza yokha zimene zabenedwa ndi zoyambirira, kasitomala akuona.

Tsono nkhani yeniyeni nayi. Amuna anu sankasaka ma GB, ankasaka bambo awo. Munthu wa chisoni amagwira chilichonse chimene chili pafupi, ndipo pafupi panali mlongo wanu. Muwamvetse, musawaseke, musawauze kuti "ndinanena ine". Koma chisoni sichipereka chilolezo choipitsa mbiri ya munthu. Analankhula pamsika, akakonzenso pamsika pomwepo, ndipo a kwaya aja akawafotokozere okha. Kupepesa kwa kuseri kwa nyumba sikubweza makasitomala. Elson nayenso mukambe naye, asawayalutse alamu ake akafika. Munthu wobwera kudzapepesa amakhala atadzichepetsa kale panjira.

Chenjezo langa lili pa foni ya Esteri. Pakali pano gule wa apongozi anu ali pamalo amodzi okha, ndipo mafoni amagwera m'madzi, amasowa m'minibasi. Musachedwe nazo. Akopedwe pa kompyuta, abenedwe pa zimbale ziwiri, china chikasungidwe kwa Janeti, kutali ndi dzuwa ndiponso manja a ana. Fulashi ija musafufute mpaka zonse zitatsimikizika. Ntchito yobenayo amuna anu aipereke kwa alamu awo, ndipo akaipereke okha, osatuma munthu.

Aphungu.