Timagalasi Tidapsa Pawindo

Lolemba, 9 Juni

Mzime wanga wafika kuchokera ku labotale atafukata botolo lokulungidwa m'pepala lasiliva, ngati khanda. Waliika m'kabati ya mbale. Akuti muli timagalasi ta sola tinayi timene gulu lawo lakhetsera thukuta chaka chonse. Si sola ya padenga ija ayi. Ndi utoto wopyapyala wonga pulasitiki, wopakidwa magawo awiri osanjikizana, kotero kuti kuwala kumene kwapulumuka gawo lapamwamba kumagwidwa ndi lapansi. Timeneti tikutulutsa magetsi ochuluka kuposa tonse timene iwo adapangapo, ndipo Lachisanu tipita kwa akatswiri ena kuti akatsimikize. Chosungiramo cha kuntchito chayamba kulowa mpweya, n'chifukwa chake wabwera nato kuno.

"Musakhudze, Ababa." Ndamukumbutsa kuti m'nyumba mwanga sindilandira malamulo. Iye waseka, ine ayi.

Lachiwiri, 10 Juni

Nyali yanga ya sola ikakhalitsa mumdima imafooka. Choncho nditaanika zofunda, ndavundukula botolo lija ndi kuliika pawindo, kuti timagalasi tikhute dzuwa, monga mwana amadya asanakalembe mayeso. Chivundikiro sindinatsegule. Masana botolo linali lotentha ngati ayironi. Ndalikulunganso mosamala.

Pa chakudya chamadzulo ndafunsa mwaulemu chifukwa chimene chinthu cha dzuwa akuchibisira dzuwa.

"Sitinatimate, Ababa. Tisanamatidwe, kuwala kukangokumana ndi kampweya pang'ono, ngakhale kotsalira m'botolo, utoto umapsa."

Ndasiya chakudya m'mbale.

Lachitatu, 11 Juni

Wazindikira m'mawa. Pepala ndinalipinda ngodya zowongoka, monga ndinkakutira mabuku pamene ndinali mphunzitsi.

"Ine ndimangofwinya. M'nyumba muno amapinda chonchi ndani?"

Ndanena zoona, ndili chilili. Sanakuwe. Akanakuwa bwenzi kuli bwino. Watenga botolo, watuluka osamwa tiyi.

Madzulo wabwera ndi zotsatira. Titatu tatheratu. Kamodzi, kamene kanali pamthunzi wa tinzake, katsika pang'ono chabe, ndipo kadzapita kokha Lachisanu. Kwa Pulofesa, mkulu wa labotale, wanena kuti chaononga ndi chosungiramo chija. Ndati limenelo ndi bodza.

"Lamulo limaletsa kutulutsa kanthu m'labotale. Akadziwa andichotsa ntchito, ndipo dzina langa silidzaoneka pa chinthu chimene ndapanga ndi manja angawa. Chonde, Ababa, khalani chete."

Ndati ine sindinalere mwana wabodza. Watseka chitseko cha chipinda chake, pang'onopang'ono, ndipo kumeneko kwandipweteka koposa.

Lachinayi, 12 Juni

Ndavala suti yakuda ndi tayi. Wolakwa ndine, ndipo munthu wolakwa amakaima yekha pamaso pa akuluakulu. Mawu ndinawakonza m'basi yopita ku labotale, chiganizo ndi chiganizo.

Mlonda wandiperekeza kupyola khonde lalitali lonunkha mankhwala. Pagalasi la chitseko ndamuona mzime ataimirira pa bokosi lalikulu lagalasi, manja ake ali m'magolovesi akuda olowera m'bokosimo mpaka m'mapewa, atapana kagalasi kotsala kaja ndi kachitsulo. Wandiona. Sakanatha kuthamanga kudzanditsekereza, ngakhale kukweza dzanja. Kachitsulo kanayamba kunjenjemera. Ali wamng'ono ankanjenjemera chomwecho ndikamuimika pa bolodi.

Pulofesa watuluka, munthu wamfupi, waulemu wake.

"Takulandirani, bambo. Ndinu bambo ake a katswiri wathuyu eti? Tikuthandizeni chiyani?"

Ndavula chipewa. Chiganizo choyamba chinali pamlomo: "Ndabwera kudzaulula." Ndayang'ananso pagalasi.

"Ndabwera kudzaona kumene mwana wanga amagwira ntchito," ndatero.

Pulofesa wakondwa kwambiri. Wandiveka jasi loyera lalifupi manja pamwamba pa suti, wandizungulitsa m'zipinda zonse, wandionetsanso chosungiramo chija, akuchidzudzula ngati wantchito waulesi. Ine ndimangogwedeza mutu, makutu akutentha.

Pobwerera ine ndi mzime takwera basi imodzi. Mipando yopanda anthu inalipo yambiri, koma wadzakhala pafupi nane.